Nyumba Yoyenda ndi Phanga la ku Dowa

Kwa Mmalawi, tchuthi ndiko kupita kumudzi. Mphunzitsi akatsekera sukulu, kalaliki akapatsidwa masiku ake opuma, amamanga kathumba ka shuga, mchere ndi sopo, nakwera basi ya kwawo. Za pogona saganizako n'komwe, pakuti kumene kuli mbale kuli mphasa, ndipo kumene kuli mphasa nsima siilephera kutuluka. N'chifukwa chake anthu a m'mbali mwa msewu wa M1 amaima n'kupenyetsetsa akaona magalimoto ena amene amadutsa m'miyezi ya chisanu ndi chilimwe, aatali ngati basi yaing'ono, a mazenera otchinga ndi nsalu, onyamula njinga ndi zigubu kumbuyo, manambala ake a ku South Africa, Namibia kapena Germany. Ana a m'misewu amangowatcha nyumba zoyenda.

Dzinalo n'loyenera ndithu. M'kati mwa galimoto yotere muli bedi la akulu kumbuyo ndi lina la ana pamwamba pa mpando wa woyendetsa. Muli mbaula ya gasi, kafiriji, thanki ya madzi ndi tebulo lopinda, ndipo zina zili ndi kachimbudzi ndi kabafa komwe. Padenga pamakhala magalasi a sola odzaza batire masana kuti usiku nyale ziyake. Mwini wake akatopa amangopatuka, n'kuzimitsa injini, basi wafika pakhomo. Nzeru imeneyi si ya dzulo ayi. Ku Britain dokotala wina, William Gordon Stables, adapangitsa ngolo yogonamo yokokedwa ndi akavalo, ndipo mu 1885 adayenda nayo kuchokera kumwera kwa England mpaka ku Scotland popanda china chomutuma koma kukondweretsa mtima. Akavalo adapita, injini idalowa m'malo mwawo, koma cholinga n'chomwecho: kuyenda ngati fulu, nyumba ili kumsana.

Si onse oyenda m'magalimoto amenewa amene ali azungu. M'mwezi wa Julaye wa chaka china chaposachedwa, nyumba yoyenda yobwereka idakwera mapiri a Dowa niima m'mudzi wina wa m'dera la Mfumu Msakambewa, chakufupi ndi phiri la Kongwe. M'menemo mudatuluka bambo wa zaka za m'ma 40, mkazi wake, ndi ana awiri, mnyamata wa zaka 14 ndi mtsikana wa zaka 9. Onse anayi adabadwira ku Johannesburg. Mwini mudzi adali agogo a bamboyo, amene adachoka ali mnyamata cha m'ma 1950, pa Wenela, kukagwira ntchito m'migodi ya golide, ndipo monga anzawo ambiri adakwatira komweko natchona. Anthu a Dowa amaidziwa bwino njira imeneyo. Boma lidaimitsa Wenela kulemba anthu mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, koma pofika nthawiyo midzi yambiri idali itataya kale ana ake amene sadatumizenso ngakhale kalata. Mtchona uyu adasiyira mdzukulu wake zinthu zitatu zokha: dzina la mudzi, dzina la mfumu, ndi nkhani ya phanga lina la m'phiri m'mene makolo ake ankabisala nkhondo. Zitatu zimenezi ndizo zidayendetsa galimotoyo kudutsa maiko anayi.

Njira yachidule yochokera ku Johannesburg imadzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, n'kulowa m'dziko muno pa Dedza kapena pa Mwanza. Banjali lidasankha yaitali, yodzera ku Zambia, chifukwa ana adafuna kuyamba aona phanga lotchuka la Chinhoyi, limene lili pamsewu wochokera ku Harare kupita ku Chirundu. Limenelo ndi phanga la pansi pa nthaka lenileni. Munthu amatsika ndi masitepe m'mpata wotsetsereka wa mwala, kuwala kukucheperachepera, mpaka mwadzidzidzi afika m'mphepete mwa dziwe la madzi a mtundu wa thambo, odikha ndi oyera kotero kuti miyala ya pansi patali imaoneka ngati dzanja lingaifikire. Pamwamba pa dziwelo denga la phanga lidagumuka kalekale, ndipo dzuwa limalowera pachibowo chachikulucho. Akatswiri osambira ndi mabotolo a mpweya adatsikamo kupitirira mamita 100. Ashona amalitcha dziwelo Chirorodziva, ndipo mbiri yawo imati m'zaka za m'ma 1830 gulu la Angoni lopita kumpoto lidaponyamo anthu a m'deralo. Pambuyo pake mfumu Chinhoyi ndi anthu ake ankabisala m'mapangamo pothawa nkhondo za Amandebele. Ana a ku Joni adajambula zithunzi, namwa zoziziritsa kukhosi, osadziwa kuti mbiri imene adaimva ndi khutu limodziyo ikawapezanso kutsogolo.

Atawoloka Zambezi pa Chirundu adagona ku Lusaka, m'mawa mwake nalunjika kum'mawa. Pa mlatho wa Luangwa adadutsa kumtunda kwa malo amene mphunzitsi aliyense wa mbiri m'Malawi amawatchula chaka ndi chaka: pafupi ndi Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, ndi pamene Zwangendaba adawolotsa Angoni ake mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana adagwira dzuwa. Kenaka Chipata, Mchinji, Lilongwe, ndipo atapitirira Lumbadzi adasiya M1 nakhotera kumapiri. Asadafike pa boma la Dowa adadutsa pa Dzaleka, pamene padali ndende ya andale m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mu 1994 padasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena, amene pofika m'ma 2020 adaposa 50,000. Mapiri a Dowa sadayambe lero kusunga othawa.

Kufika kwa galimotoyo kudautsa mudzi wonse. Alendo atatchula dzina la mtchona uja, anthu adawalozera khomo la mlongo wake wamng'ono, gogo wa zaka zoyandikira 90, yekhayo wotsala mwa obadwa m'mimba imodzi. Pachichewa ana a mwamuna sawerengedwa m'mbumba ya mudzi wa atate wawo, koma gogoyo sadafune kumva za malamulo. Adagwira nkhope ya bamboyo ndi manja onse awiri, nanena kuti mphumi imeneyi ndi ya alongo ake. Chichewa cha mlendoyo chidali cha moni ndi zikomo chabe, koma womasulira sadasowe: mdzukulu wina wa gogoyo, mnyamata amene adalemba mayeso a Fomu 4 chaka chathacho, ndipo tsopano ankathandiza makolo ake m'dimba la tomato ndi kabichi.

Mlandu woyamba udabuka dzuwa litalowa. Nkhuku itadyedwa, alendo adatsazika kuti akagone m'galimoto mwawo, poganiza kuti potero apeputsa eni khomo. Gogoyo adakhala chete kanthawi, kenaka adafunsa kudzera mwa mnyamata uja: "Mwana wanga, kodi wamva kuti m'nyumba mwangamu muli nsikidzi?" Kumaiko kumene magalimoto amenewa adachokera, kusavutitsa munthu ndiwo ulemu. Kuno mlendo wogona pabwalo, khomo la mbale wake lili apo, amakhala walengeza kwa mudzi wonse kuti pakhomopo pali chidani kapena ufiti. Nyumba yoyenda imapulumutsa munthu ku mitengo ya mahotela, koma ikhozanso kumulekanitsa ndi anthu, ndipo umenewu ndiwo msampha wake: woyendayo adutsa dziko lonse akudya zake, akugona pake, nabwerera kwawo atangoona eni dziko pazenera. Bamboyo adamva msanga. Iye ndi mkazi wake adagona pamphasa m'nyumba ya gogo, ndipo galimoto idasanduka gowelo la ana, awiri a ku Joni ndi abale awo asanu, amene adayatsa ndi kuzimitsa nyale mpaka batire lidatha mphamvu.

Za phanga gogoyo adasimba m'mawa, ali pakhonde kuwothera dzuwa, pakuti miyendo yake idaleka kale kukwera mapiri. Nkhaniyo adaimva kwa agogo ake akuchikazi, amene adalowamo ali kamtsikana. Masiku amenewo, m'theka lachiwiri la zaka za m'ma 1800, Achewa a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi adapanikizika mbali ziwiri. Kumtunda kudakhazikika Angoni a Chiwere Ndlovu, amene adapatukana ndi anzawo a kumpoto, ndipo magulu awo ankatuluka kukafunkha chimanga, ziweto ndi anthu. Kunyanja, ku Nkhotakota, kudali a Jumbe, Aswahili ogula minyanga ndi akapolo, amene David Livingstone adawapeza pa malonda amenewa mu 1863. Midzi ina idamanga malinga, ina idagonja n'kumapereka chakudya kwa Angoni, ina idasamukiratu pamwamba pa mapiri. Mudzi wa gogoyu unkalima kunsi, koma mfuu ikangomveka, akazi, ana ndi nkhalamba ankathamangira kuphanga.

Zimene gogoyo adasunga m'mutu si za mikondo ndi zishango, koma zing'onozing'ono zimene mabuku salemba. Atambala ankaphedwa msanga, kuopa kuti kulira kwawo kungaulule pobisala. Moto unkasonkhedwa usiku wokha kuti utsi usaoneke kutali. Madzi ankatungidwa mumdima, ndipo otunga sankadzera njira imodzi kawiri kuti udzu ungapondeke n'kuloza khomo. Mayi wa khanda ankakhala kumapeto kwenikweni kwa phanga, bere lili m'kamwa mwa mwana usana wonse. Chimene onse ankachiopa koposa mkondo ndi chakuti adani angaunjike udzu pakhomo n'kuyatsa.

Nkhondo zimenezi zidazilala m'ma 1890. Amishoni a Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, adamanga pa Mvera mu 1889 ndi chilolezo cha Chiwere, Robert Blake adatsegula Kongwe mu 1894, ndipo boma la Britain, limene lidakhazikitsa ulamuliro wake mu 1891, lidathetsa kufunkha ndi malonda a akapolo ndi mfuti zake. Wofuna kumva fungo la masiku amenewo awerenge mabuku a Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa m'boma lomweli la Dowa, makamaka Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza. Koma asawerenge ndi mtima wofuna wolakwa, pakuti lero kufunsa m'midzi imeneyi kuti Mngoni ndani, Mchewa ndani, n'kungodzivuta. Mnyamata womasulira uja mfunda wa atate wake ndi wa Chingoni. Obisala ndi osaka adasanduka makolo a mwana mmodzi.

Atapempha chilolezo kwa nyakwawa, monga ayenera kuchitira mlendo aliyense, adanyamuka wapansi. Galimoto idatsala pamudzi, popeza kumene ankapitako ngakhale njinga siifika. Udali ulendo wa ola limodzi, kudutsa minda yokololedwa, zigafa za fodya, ndi zitsa za misuku ndi mitondo m'chitunda. Khomo la phanga silioneka mpaka munthu atafikapo: mng'alu wopingasa pansi pa thanthwe lalikulu, wobisika ndi mizu ya mkuyu womera pamwala. Mnyamata adayamba waponyamo timiyala n'kutchera khutu, chifukwa eni ake a masiku ano ndi mbira, nungu, njuchi, ndipo nthawi zina nsato kapena fisi.

Ana a ku Joni adakhumudwa, osabisa. Iwo ankayembekezera masitepe, magetsi ndi dziwe. Kusiyana kwa mapanga awiriwa kuli m'mwala. Ku Chinhoyi, monganso ku mapanga a Cango ku South Africa, mwala ndi wa mtundu wa laimu, umene madzi a mvula amausungunula pang'onopang'ono kwa zaka zikwi zambirimbiri mpaka pansi pa nthaka pachita zipinda, mipata ndi maiwe. Mapiri a Dowa ndi Ntchisi ndi a mwala wolimba umene susungunuka chotero. Mapanga a kuno amabadwa mwina: thanthwe limachita ming'alu, madzi amalowa m'ming'alumo n'kufumbutsa mwala, mvula imakokolola dothi la pakati, ndipo miyala ikuluikulu ngati nyumba imatsala itasanjikizana, pansi pake pali mipata. Choncho ndi aafupi, okhotakhota ndi ouma. Kwa wojambula zithunzi alibe chokopa. Kwa wothawa nkhondo adali abwino koposa, pakuti khomo lake n'lotchingika ndi munthu mmodzi, ndipo mpweya umalowa m'timipata tosaoneka kunja.

Adalowa chokwawa, mmodzimmodzi. Patsogolo pang'ono pansi padatsetsereka, denga lidakwera, ndipo adapezeka ataimirira m'chipinda chachikulu ngati kalasi ya sukulu ya pulaimale, chozizira, chonunkha ndowe za mileme. M'malo otere munthu amaponda mofatsa, chifukwa fumbi la ndowe zimenezi likalowa m'chifuwa limatha kudwalitsa mapapo. Tochi idaonetsa denga lakuda bii ndi mwaye. Pambali padali mphero, pakati pake pokumbika ngati mbale chifukwa cha kupera mawere ndi mapira, ndipo m'fumbi mudali mapale a miphika, ena okhala ndi mizere yokometsera m'milomo.

Bamboyo adapempha kuti matochi onse azimitsidwe. Mdima wa m'phanga si wa usiku wa pabwalo umene maso amauzolowera. Uwu ndi wa ndiweyani, munthu saona ngakhale chikhatho chake. Mudangomveka kupuma kwa anthu ndi kulira kwa mileme. Mphindi imodzi isadathe, mtsikana wa zaka 9 uja adayamba kusisima, akufunafuna dzanja la amake. Mnyamata womasulira adanena chapansipansi, m'Chingerezi cha kusukulu, kuti kamtsikana ka m'nkhani ya agogo kaja kadali ka msinkhu womwewo, ndipo iko kulira sikankaloledwa. Kuchokera pamenepo za Chinhoyi sizidatchulidwenso.

Matochi atayakanso adaonetsa zina zosakondweretsa. Pakhoma la kukhomo padali maina olembedwa ndi makala ndi penti, ena ndi zaka zake, ena ndi mavesi, popeza magulu opemphera kumapiri amagonamo. Osaka mbira adasonkhapo moto pofukiza nyama mpaka mwala udasendeka. Mphero zidali ziwiri kale, adatero mnyamatayo, koma ina idatsitsidwa kumudzi n'kusanduka ponolera mipeni. Mtsikana uja adatola phale kuti akaonetse anzake kusukulu, ndipo atate wake adamuuza kuti alibwezere pomwe lidali. Adachita bwino. Lamulo la dziko lino loteteza zinthu zakale limaletsa kuchotsa zotere pamalo pake kapena kuzitulutsa kunja popanda chilolezo, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Wofukula zakale amayang'ana kuzama kumene phale lapezeka, makala ndi mafupa amene lagona nawo pamodzi, ndi mizere ya m'milomo mwake, ndipo potero amadziwa nthawi ndi mtundu wa anthu amene adaumba mphikawo. Phale likalowa m'thumba la mlendo, zonsezo zatayika, latsala dothi lowotcha chabe.

Umboni wakuti mapanga otere ali ndi mtengo uli ku Dedza. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pamiyala: zofiira za Akafula, aja a nthano ya Amwandionerapati, ndi zoyera za Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. J. Desmond Clark adafukula pa Chencherere mu 1972, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidalemba deralo m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Timapanga ta kuseri kwa midzi ngati kameneka tilibe chikwangwani, tilibe mlonda. Alonda ake ndi nkhalamba zimene zikukumbukirabe nkhani zake, ndipo nkhalambazo zikutha. Gogo wa m'mudzi uja ndi wa mbadwo womaliza umene udamva ndi makutu ake kwa anthu amene adagonamo.

Apa pali chodabwitsa chimene aphunzitsi ayenera kuchilingalira. Mnyamata womasulirayo adakhoza bwino phunziro la mbiri. Chaka cha 1835 akhoza kuchitchula ali m'tulo, ndipo njira za Zwangendaba ndi za Amaseko amazijambula pa mapu osayang'ana m'buku. Koma m'zaka zake zonse 12 za sukulu palibe tsiku limene kalasi yake idakwera phiri limene limaoneka pazenera la sukuluyo. Phangalo ankalidziwa ngati posakira mbira. Nkhani ya atambala ndi makanda adaimva koyamba m'mawa umenewo, poimasulira alendo, ngakhale adakulira pakhonde lomwelo. Akale adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Sukulu zimadandaula, ndipo dandaulo lawo n'loona, kuti ulendo wa ku Chongoni kapena wa ku nyumba yosungira zakale ya ku Karonga umafuna ndalama za basi zimene makolo alibe. Nanga ulendo wa kuphanga la kuseri kwa mudzi? Umenewo umafuna miyendo, matochi awiri, chilolezo cha mfumu, ndi kope lolembamo mawu a gogo mmodzi.

Patapita masiku atatu banjali lidalowera kumpoto, ku phiri la Ntchisi, litatenga mnyamata uja ndi mlongo wake. Kumeneku nyumba yoyenda idaonetsa kulemera kwake. Kupitirira boma la Ntchisi, msewu wodzera ku Chinthembwe udali wafumbi, wokwera ndi wokhotakhota, ndipo galimoto yosenza thanki ya madzi, mabedi ndi ziwiya idakwera ngati ng'ombe yotopa, mbale zikulira m'makabati. Woyenda ndi galimoto yotere m'dzinja ayambe wafunsa, kuopa kudya phula.

Phirilo ndi lalitali kupitirira mamita 1,600, ndipo pamutu pake pali nkhalango yobiriwira chaka chonse, imodzi mwa zowerengeka zimene zatsala m'dziko muno. Kunsi kuli mitengo ya miombo imene imayoyola masamba m'chilimwe, koma munthu akalowa m'kati pang'ono dzuwa limazimirira, mitengo italiitali yokutidwa ndi ndere imatseka thambo, nchima zikudumpha m'nthambi. Muli mitengo ya mtundu wa kachere imene imamera pa mtengo unzake, n'kuuzinga ndi mizu mpaka kuupha, m'kati n'kutsala mphako. Anthu a kumeneko amati nkhalangoyi idapulumuka ku nkhwangwa chifukwa makolo ankabisalamo pothawa Angoni, ndipo munthu sadula chimene chikumubisa. Idali phanga la masamba. Atsamunda adaiika m'gulu la nkhalango zotetezedwa, ndipo nyumba imene idamangidwa m'mphepete mwake mu 1914 kuti bwana DC azipumulirako ndiyo idadzasanduka malo ogona alendo. Banjali lidaimika galimoto pafupi ndi nyumba imeneyo.

Mantha a nkhondo atatha, chitetezo chimene ankapatsa mitengo chidathanso. Zitunda zambiri zozungulira zili dazi. Mitengo idapita ku zigafa za fodya, ku mauvuni a njerwa ndi m'matumba a makala, ndipo m'malo ena malire a nkhalango amaoneka ngati ometedwa ndi lumo, uku kobiriwira, uku kofiira. Komatu timitsinje tochokera m'phirili ndito timamwetsa midzi ya kunsi ndi kuthirira madimba ake.

M'bandakucha onse adatuluka atafunda mabulangete, pakuti chisanu cha Julaye pa Ntchisi sichiseka ndi munthu. Kum'mawa, patali pansi, nyanja idang'anima ngati lata latsopano, kuseri kwake mapiri a Mozambique. Mlongo wa mnyamata uja, wa Sitandade 7, adali asadaionepo nyanja chibadwire, ngakhale kuchokera kwawo ndi ulendo wa maola owerengeka pa basi. Mnyamatayo adaloza chakumpoto, kumene kuli Nkhotakota, nafotokozera ana a ku Joni kuti ogwidwa m'mapiri muno ankatsitsidwa kumeneko, n'kuwolotsedwa m'zombo kupita kutsidya, ulendo wa ku Kilwa. Nthawi imeneyi sankamasulira mawu a munthu wina, ankasimba yekha.

Pobwerera adadzeranso kumudzi kukatula ana ndi kutsazika. Gogo adapempha chimodzi chokha, kuti adzamutumizire chithunzi cha manda a alongo ake, aone pamene adagona. Kenaka zidatuluka mphatso: ufa woyera, mtedza, nyemba, maungu, ndi tambala wamoyo womanga miyendo. Bamboyo adayesa kufotokoza kuti pachipata cha dziko nkhuku yamoyo siidutsa popanda makalata a dokotala wa ziweto, koma mnyamata womasulira adakana kutembenuza mawu amenewo. "Achimwene," adatero, "zimenezo kwa agogo sindinganene. Ingolandirani ndi manja awiri." Tambalayo adayenda m'kabafa ka nyumba yoyenda, akulira pa Dowa, pa Lumbadzi ndi mu Lilongwe, mpaka adaphikidwa pa mbaula ya gasi usiku womaliza ku Mchinji, asadafike pa malire.